Mabuleki Akalira pa Lizulu

Zimayamba ndi mabuleki.
Lole ikangoti kwiii! pamsewu wa Lizulu,
mtima wanga umabalalika
ngati anapiye aona mthunzi wa kabawi.
Kukhosi kumauma gwa,
maondo amasanduka phala,
thumba la kachewere lili pamsanali
limasanduka chitsulo chija
chinandipsinja ku Bembeke mvula ikugwa,
tsiku lomwe Filimoni sanadzuke.

Anzanga amati, "Zakeyu, limba, ndiwe mwamuna."
Koma mantha saopa ndevu.

Anandiona ndi mayi Nangozo,
aja a kabichi pafupi ndi sikelo.
Sanafunse kanthu.
Anangokoka ndowa yowazira ndiwo zawo,
madzi a mu Juni, olasa ngati singano.
"Viika manja mpaka m'zigongono.
Usukusulenso."
Kuzizira kunandiitana ndi dzina langa
ndipo ndinayankha.

Kuchokera apo ndatola tinjira tanga,
tina kwa iwo, tina kwa adokotala a ndevu zaimvi
omwe anandimvetsera osayang'ana wotchi.

Ndimayamba ndatula katundu.
Mwini wake akalipe, akalipe.
Ndimavula patapata,
zala zakumapazi zikande dothi,
ndi kudziuza chamumtima:
apa ndi pansi,
pansi sipagubuduzika.

Kenako mpweya.
Ndimaukoka ndi mphuno ngati wakuba,
kuwerenga mpaka kanayi,
ndi kuutulutsa pang'onopang'ono
ngati ndikuuzira tiyi m'kapu yachitsulo.
Wotuluka utalike kuposa wolowa.
Kachiwiri. Kachitatu.
Nthawi zina kakhumi, chifuwa chikadali ng'oma.

Maso ndimawapatsa ganyu.
Mulu wa tomato uwo: atatu pansi, mmodzi pamwamba.
Chitenje chachikasu chong'ambika m'mphepete.
Njinga ya kabaza yopanda belu.
Mbuzi ikuba tsamba la mpiru
mwini wake ali kalikiliki kuwerenga chenje.
Tsidya la msewu, Mozambiki ali phee,
sakudziwa n'komwe kuti ndikumira.
Ndimathyola tsamba la anyezi,
kulifikisa ndi zala, kulinunkhiza.
Fungo lake ndi la lero.
Lilibe dizilo, lilibe magazi.

Ndiye ndimatchula mokweza, ondiseka aseke:
Lero ndi Lachitatu.
Kuno ndi ku Lizulu.
Ku Bembeke kunali kale.

Sindinama, masiku ena sizimva.
Usiku kulibe tomato wowerenga,
kuli denga lokha ndi mphepo ya m'phiri
ikugwedeza lata lomwe ndinalephera kukhoma.
Pamenepo ndimadzutsa Edinesi.
Kale ndinkachita manyazi,
ndinkaluma bulangete kuti asamve.
Tsopano amaika dzanja pakati pa msana wanga,
lolemera, lofunda, lonunkhira utsi,
ndi kupuma mokweza kuti ndimutsatire
monga mwana atsatira mayi podutsa paulalo wa mtengo umodzi.
Misozi ikabwera ndimaisiya.
Nayonso ndi ngalande,
madzi akasowa podzera amagumula mzere.

Adokotala anati chinthuchi chili ngati mvula yamkuntho:
chimafika, chimakalipa, chimapita.
Ine ndinati, bwanji chimabweranso?
Anati, nawenso umabweranso.
Loweruka lijali unapitanso kumsika, si choncho?

Sindinachire.
Ndangophunzira pokhala
pamene mlendo woipayu wafika osaodira.
Sindilimbana naye, sindimuphikira.
Ndimangomuuza kuti ndakuona,
khala pakhonde, ine ndikupuma kaye.

Lero walira kawiri, mabuleki a basi ya ku Lilongwe.
Manja anga akudontha madzi a mayi Nangozo.
Iwo akutsutsana mtengo ndi kasitomala,
diso limodzi lili pa ine.
Ndawagwedezera mutu.
Mwini thumba uja akukuwa kutsidya,
"Iwe aise, minibasi ikundisiya!"

Ndavala patapata.
Ndawerama, ndagwira makutu a thumba.
Ndi kachewere basi,
makilogalamu makumi asanu a kachewere.
Ndikubwera, bwana.